Mutu 6: Odwala Agona Bwanji?

1. Yankho lobwera wapansi

A Zelipa anafika ku Chifubu, komboni ya mumzinda wa Ndola, ndi chikwama chimodzi, nkhuku yamoyo, ndi maganizo omanga kale. Anachokera ku Katete, kummawa kwa dziko, kudzatenga mlongo wawo, a Anock Mbewe, kuti azikakhala nawo kumudzi. A Mbewe ndiwo atate ake a Chiyamiko, mtsikana amene anali atangotsiriza sekondale. M'nyumba yawo ya lendi ankakhalamo awiriwiri, bambo ndi mwana.

Kale a Mbewe anali katswiri wowotcherera zitsulo. Mageti ambiri a ku Chifubu ndi ku Kawama ndi ntchito ya manja awo, ndipo mpaka lero sanapindike. Matenda a maganizo anawagwira chaka chimene amayi ake a Chiyamiko anamwalira. Anagonekedwa m'chipatala, anatuluka, ndipo tsopano ankalandira jakisoni mwezi ndi mwezi kukiliniki. Zomva mawu a anthu osaoneka zinatha. Chimene chinatsala chinali manja onjenjemera ndi lilime lolemera. Ukawafunsa kanthu, yankho linkabwera ndithu, koma linkabwera wapansi.

Nanga ku Chifubu ndani ali ndi nthawi yodikira yankho lobwera wapansi?

Ife anthu a kummawa tili ndi mwambo wathu wozonda matenda. Ukalowa m'nyumba sufunsa wodwalayo ayi. Umatembenukira amene akumusamalira n'kunena kuti, "Odwala agona bwanji?" Iyeyo amayankha, mwini thupi ali pomwepo. Ndi mwambo wabwino pa malungo, chifukwa malungo sachedwa kupita. Koma a Mbewe anadwala zaka, ndipo zaka zonsezo amayi a kutchalitchi ankalowa, n'kufunsa Chiyamiko, n'kupemphera, n'kutuluka. Mtsikanayu anazolowera kwambiri, moti ngakhale munthu afunse ngati a Mbewe akufuna shuga mu tiyi, pakamwa pa Chiyamiko pankatseguka pokha.

M'mawa wina a Zelipa ndi Chiyamiko ankatsuka mbale pakhonde. A Mbewe anali pampando wawo pakhomo, pafupi moti ukanawakhudza ndi dzanja.

"Iwe mwana," anatero a Zelipa, "ndamva kuti anakuitana kukoleji ya unamwino ku Kitwe. Ukuyembekeza chiyani?"

"Siniyenda ku Kitwe, azakhali. Nanga atate nizawasiya na ndani?"

A Zelipa anaika mbale pansi n'kupukuta manja pachitenje. Aliyense amene ali ndi azakhali akudziwa kuti akapukuta manja choncho ndiye kuti ulaliki wayamba.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Chibale ndi fupa, sichiwola. Munthu uyu tinayamwa bere limodzi. Wamkulu ndine, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Kumudzi kuli anthu, wina akatopa wina amalandira. Kuno uli wekha, mwana wamkazi, m'nyumba ya eni ake. Anzako akuphunzira, ena akukwatiwa, iwe uli pamzere kukiliniki. Lero ukuti ndi chikondi, ndipo ine sindikukana. Koma ukadzafika msinkhu wanga udzacheuka, udzapeza kuti utsikana wako wonse unathera pakhonde lino. Tsiku limenelo udzayamba kuwada atate ako mumtima, uku ukuwapatsa madzi osamba. Ndaziona zimenezi kwa ena, ndipo sindifuna kudzaziona kwa iwe. Loweruka tikwera basi."

"Manje jakisoni wawo azaupeza kuti?"

"Ku Katete kulibe chipatala? Ife tonse tinafa kale?"

Chiyamiko anapitiriza kutsuka mbale. A Mbewe anali chikhalire, maso ali pageti, ndipo panalibe amene anawacheukira.

Mtsikanayu sankafuna kuti atate ake apite. Ankadziwanso, kapena tinene kuti ankaganiza kuti akudziwa, kuti iwonso sakufuna. Choncho anapangana ndi mtima wake kuti Lachitatu apita ndi azakhali ake kumsonkhano wa gulu, kuti akadzimvere okha kuchokera pakamwa pa mlongo wawo.

2. Chenjezo la Mayi Msiska

Gululi dzina lake linali Tumfwane. M'Chibemba ndiye kuti timvane. Linali la anthu odwala matenda a maganizo, ndipo linkakumana Lachitatu lililonse mu holo yaing'ono kuseri kwa tchalitchi. Ankakumana masana, chifukwa eni ake ananena okha kuti m'mawa mankhwala amawalemeretsa mutu.

Amene analiyambitsa anali Mayi Muriel Msiska, namwino wopuma ntchito amene anathera moyo wake m'mawodi a matenda amenewa. Makolo awo anachokera ku Malawi nthawi ya migodi, ndipo iwo ankakhala ku Parklands ku Kitwe. Sabata iliyonse ankakwera minibasi kubwera ku Ndola, ndipo sabata iliyonse ankafika akudandaula za makondakitala. Chiyamiko anayamba ndi kuperekeza atate ake, kenaka kuphika tiyi, kenaka Mayi Msiska anayamba kumuphunzitsa ntchito. Lachitatu limeneli linali tsiku lake loyamba kutsogolera msonkhano.

Chiyamiko anafika molawirira. Anakankhira mabenchi kukhoma n'kuika mipando mozungulira, kuti pasakhale wa kutsogolo kapena wa kumbuyo. Achibale operekeza anali ndi benchi yawo kuseri kwa bwalo, ndipo iwo ankayankhula kumapeto. Chitseko anachitchinga ndi njerwa kuti chisatsekeke, kuti amene wamva kubanika atuluke osapempha. Pakati anaika ndowa ya madzi akumwa, pakuti mankhwala ena amaumitsa kukhosi.

Mayi Msiska anayang'ana zonsezi n'kugwedeza mutu. Kenaka anamukhazika pansi.

"Chiyamiko, mwana wanga, lero ine ndikhala chete, ndiye undimvere panopa. Ndagwira ntchito imeneyi mpaka imvi izi. Anthu ankhanza ndawaona, koma amene amatseka odwala pakamwa kwambiri si ankhanza ayi. Ndi achifundo. Wachifundo akaona munthu akuvutika kutulutsa mawu, amamumalizira. Lero wamumalizira mawu, mawa wamusankhira malaya, mkuja wamusankhira kokakhala. Mapeto ake munthu uja amasiya kuyesa, ndipo ife timati matenda akula.

"Ndiye wotsogolera ntchito yake si kuyankhula. Funsa funso limodzi, lalifupi, n'kudikira. Kukhala chete kumeneko kudzakuwotcha ngati wakhalira mbaula, koma usadzuke. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wina akati mudumphe, mudumphe, ndi ufulu wake. Wina akatalikitsa, mubweze mwaulemu. Wina akanena zinthu zimene iwe sukuziona, usamuseke, usakangane naye, komanso usamunamize kuti ukuziona. Mufunse mmene zikumupwetekera. Ndipo munthu akanena nkhani yolemera, ubwereze zimene wanena n'kumufunsa ngati wamumva bwino. Zimene wanena iyeyo, osati zimene iwe ukanakonda kuti anene. Ambiri amagwera pamenepa, ngakhale ophunzira."

"Namvera, ba Sista," anatero Chiyamiko.

Anayankha msanga, monga achitira achinyamata akamva langizo limene akuganiza kuti ndi la anthu ena.

3. Azakhali pabenchi ya kumbuyo

Anthu anayamba kufika. Woyamba anali Masauso, amene kale anali kondakitala pamsewu wa Chifubu ndipo ankayankhulabe ngati akuitana anthu okwera. Kenaka anafika a Dolly, mayi wogulitsa tomato pamsika, ndi ena ochepa. Otsiriza kulowa anali a Mbewe, a Zelipa ali pambuyo pawo.

A Zelipa ndi munthu wamwambo. Anapita kwa Mayi Msiska, anapinda maondo, n'kufunsa kuti, "Odwala onsewa adzuka bwanji?"

"Tilipo, amai," anatero Masauso. "Tifunseni chabe, sitiluma."

Anthu anaseka. A Zelipa sanaseke. Chiyamiko atawalozera benchi ya kumbuyo, anayang'ana benchiyo, anayang'ananso mwana wa mlongo wawo, kenaka anakakhala mokoka miyendo.

Atapemphera, eni gulu anakumbutsana malamulo awo, amene anapanga okha. Zokambidwa muno zimatsala muno. Aliyense akamba m'chiyankhulo chimene mtima wake wafuna. Muno mulibe wotchedwa wamisala.

"Koma mwambi uja tinausunga," anawonjezera Masauso, "wakuti wamisala anaona nkhondo. Pa miyambi yonse ni wokhawo umatikomera ise."

Chiyamiko anafunsa funso la tsikulo. "Sabata ino chakusangalatsani n'chani, chakuvutani n'chani?"

Masauso anayamba bwino. Anati mlamu wake wamulola kuthandiza kutsuka magalimoto. Kuchoka apo anapita ku mtengo wa sopo, kuchoka ku sopo anapita ku mpira, ndipo zinaoneka kuti afika ku Lusaka asanaime.

"Ba Masauso," anatero Chiyamiko, "tafika pa steshoni. Tsikankoni pang'ono, akwereko ena."

Masauso anaseka mpaka kugwira pamimba, n'kukhala chete. Mnyamata wina amene anali pambali pake anapukusa mutu, ndipo Chiyamiko anamuthokoza n'kumudumpha. Zinthu zinkayenda bwino mpaka nthawi inafika pa a Mbewe.

Masiku onse a Mbewe ankangokweza dzanja pang'ono, kutanthauza kuti awadumphe. Tsiku limeneli dzanja silinakwere.

"Atate," anatero Chiyamiko, "pali chimene mufuna kukamba?"

Milomo ya a Mbewe inayamba kugwedezeka. Mawu asanatuluke, yankho linachokera kubenchi ya kumbuyo.

"Ali bwino," anatero a Zelipa. "Akugona bwino, akudya bwino. Loweruka akupita kumudzi, ndiye mutsazikane nawo lero. Zikomo nonse chifukwa chowasunga."

A Mbewe anatseka pakamwa n'kuyang'ana pansi.

Inu amene munakulira m'mabanja athu mukudziwa kulemera kwa azakhali. Ndi atate aakazi. Ndiwo adzakuyankhulire tsiku la chinkhoswe, ndiwonso adzakulire mokweza tsiku la maliro. Mwana sawadula mawu ngakhale kukhitchini, nanji pamaso pa anthu achilendo. Chiyamiko anayang'ana Mayi Msiska kuti amuthandize, koma iwo anali kuyang'ana nsapato zawo.

Mtsikanayu anadzuka. Anatuluka m'bwalo, anakagwada pamaso pa azakhali ake, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Azakhali, munikhululukire. Muno odwala amadziyankhira okha. Nthawi yanu izabwera kumapeto."

Nkhope ya a Zelipa inasintha. Anayankhula motsitsa, koma holo yonse inamva.

"Iwe, Chiyamiko, wanditseka pakamwa pagulu? Ine amene ndinakusambitsa uli khanda? Chabwino. Afunse. Tione ngati dzuwa silitilowera muno."

Chiyamiko anabwerera pampando wake. Maondo ake anali ndi fumbi, koma anali wokondwa. Ankaganiza kuti gawo lovuta latha.

"Atate," anatero, "tili kumvetsera. Musafulumire."

4. Zimene a Mbewe ananena

Anadikira.

Kunja maminibasi ankaliza mahutala. Malata a denga ankathetheka ndi dzuwa. Wina anatsokomola. Masauso anatsegula pakamwa, kenaka anadzigwira yekha ndi dzanja. Manja a a Mbewe ankanjenjemera pamaondo, ndipo Chiyamiko ankaona mawu akukwera pakhosi pawo n'kubwereranso. Lilime lake linkamuyabwa kuti awathandize. Analiluma.

Potsiriza mawu anatuluka, amodzi amodzi.

"Ndikufuna kupita."

Anapumira, n'kubwereza.

"Ku Katete. Ndikufuna kupita."

"Iyayi," anatero Chiyamiko, asanadziwe n'komwe kuti wayankhula. "Atate satanthauza so. Atopa chabe. Chimene afuna kukamba n'chakuti..."

"Ba Tcheya," anatero Masauso, ndipo ulendo uno sanali kuseka. "Muno odwala amadziyankhira okha."

Chiyamiko anachita manyazi mpaka kumapazi. Fumbi limene anagwadira pamaso pa azakhali ake linali lisanachoke n'komwe pamaondo.

"Pepani, atate," anatero. "Pitirizani."

A Mbewe anamwa madzi. Kapu inagunda mano awo, madzi ena n'kutayikira pamalaya, koma palibe anadzuka kukawagwirira. Kenaka anayankhula. Anatenga nthawi yaitali, akupumira pakati, ndipo palibe anawadula.

"Makutu anga sanadwale. Mumakamba ine ndili pomwepo. Amayi a kutchalitchi, anansi, iwe, alongo anga. Zonse ndimamva. Ndinamva tsiku limene anakuitana ku Kitwe. Unalira kuseri kwa nyumba. Ndinamvanso pakhonde, pamene munkatsuka mbale.

"Mayi ako ankafuna kudzakuona utavala yunifomu yoyera. Ankanena kawirikawiri. Ine ndakhala geti lotseka pamaso pako. Mageti ndimawadziwa. Silichoka lokha panjira, mpaka wina alikankhe.

"Ku Katete sindikukonda. Ndinachokako ndili mnyamata. Manda a mayi ako ali kuno. Anzanga ndi awa. Ndikuopa. Koma chiyambire kudwala palibe chimene ndasankha ndekha, ngakhale malaya awa. Ichi ndasankha ine. Si a Zelipa. Ndine."

Anatsamira kumpando, thukuta lili pamphumi ngati munthu amene wanyamula chitsulo cholemera.

Maso onse anatembenukira kwa Chiyamiko. Gulu linkadziwa chotsatira. Nkhani inali yolemera, ndipo wotsogolera anayenera kuibwereza.

Apa panali mpata. Akanatha kunena kuti, "Atate akuti ku Katete sakukonda, ndipo akuopa," n'kuima pomwepo. Silikanakhala bodza, pakuti mawu amenewo anawanenadi. A Zelipa akanagwira chitenje n'kuyamba kukayika, ndipo a Mbewe analibe mphamvu zoyambiranso ulendo wonse uja.

Misozi inayamba kutsika asanatsegule pakamwa. Sanaipukute.

"Atate, mwakamba kuti mufuna kuyenda ku Katete. Mwakamba kuti simukukonda, ndipo muli na mantha, koma mwasankha mweka, kuti ine niyende kusukulu. Nakumverani bwino?"

A Mbewe anamuyang'ana m'maso, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

"Wandimva," anatero.

Chinamupweteka Chiyamiko kuposa chilichonse chiyambire maliro a amayi ake. Anali atawatsegulira njira ndi manja ake, ndipo njirayo inkawachotsa kwa iye. Komabe msonkhano unali usanathe, ndipo wotsogolera anali yemweyo.

"Pali amene afuna kuyankhapo?" anafunsa.

A Dolly anakweza dzanja. Anayankhula m'Chibemba, atatembenukira kwa a Mbewe, ndipo zimene ananena ndi izi:

"Ba Mbewe, mukwai, ine ndinapitako kumudzi kwathu. Abale anga ankandikonda. Ataona kuti ndikuseka, ndikulima, anati ndachira, n'kundibisira mankhwala. Miyezi isanathe ndinali pamsewu wopanda nsapato, ndipo anandibweza kuno nditamangidwa manja. Sindikukuletsani ayi. Ndikuti musapite chimanjamanja. Nenani lero, pamaso pathu, zimene mukufuna kuti akakuchitireni kumeneko."

Chiyamiko anamasulira mawuwo kuti azakhali ake amve. Kenaka onse anadikiranso.

"Jakisoni asaleke," anatero a Mbewe. "Ngakhale ndioneke bwino. Ndipo alendo akabwera, azifunsa ine."

Mayi Msiska, amene sanayankhule chiyambire, anangonena kuti za jakisoni zimatheka, ndipo apita nawo kukiliniki kuti a kumeneko akonze zowasamutsira ku chipatala cha ku Katete asananyamuke.

Nthawi ya achibale itakwana, a Zelipa sanadzuke msanga. Munthu amene wapambana mkangano amayenera kukondwa, koma iwo anali atakwirira nkhope m'chitenje. Ataichotsa, maso anali ofiira.

"Ine ndimaganiza kuti ndikunyamula katundu," anatero. "Anock, mlongo wanga wa bere limodzi, ndagona m'nyumba mwako masiku onsewa, ndakuphera nkhuku, koma sindinakufunse kanthu. Zimene wanenazo ndamva. Anthu awa ndi mboni." Kenaka anayang'ana Chiyamiko. "Iwe, nkhani yanga ndi iwe sinathe. Koma ya lero ndaisiya."

Anamwa tiyi mwakachetechete. Ngakhale Masauso anangogwira dzanja la a Mbewe nthawi yaitali osanena kanthu.

5. Panjira yobwerera

Anthu atatuluka, Chiyamiko anayamba kusanjikiza mipando. Mayi Msiska anatenga chikwama chawo, akufulumirira minibasi ya ku Kitwe.

"Wagwira ntchito, mwana wanga."

"Manje bwanji ikubaba so, ba Sista?"

"Nthawi zambiri imawawa. Ukafunsa munthu moona, uyenera kukhala wokonzeka kumva zimene sukuzifuna. Kupanda apo ndiye kuti sunamufunse, wangomulembera zoti awerenge." Anamugwira paphewa n'kutuluka.

Pobwerera a Zelipa anatsogola. Chiyamiko ankayenda pambali pa atate ake, kutsata mayendedwe awo ochedwa. Anadutsa pamsika, pomwe amayi ankathira madzi pandiwo zamasamba kuti zisafote, n'kulowa m'kanjira ka kunyumba. Mayi wina wa kutchalitchi anawaimitsa, n'kutembenukira kwa Chiyamiko monga mwa masiku onse.

"Odwala aswera bwanji?"

Chiyamiko anangoyang'ana atate ake. Mayi uja anadabwa, anadikira pang'ono, ndipo anali pafupi kupitiriza ulendo pamene a Mbewe anati, "Ndaswera bwino. Kaya inu?"

Mayiyo anayankha mwachibwibwi n'kumapita akucheuka.

A Mbewe ankaoneka opepukidwa. Mapewa awo anali atawongoka, ndipo ankayankhula osafunsidwa. Anati akafika kumudzi aona ngati manja angawalole kukonza makasu. Anati patchuthi Chiyamiko azikawaona. Anati akadzalandira yunifomu ajambulitse, atumize chithunzi pafoni ya a Zelipa, kuti akaonetse mudzi wonse.

"Ine ku Katete, iwe ku Kitwe," anatero, ndipo anamwetulira. "Uwauze a kukoleji kuti ukubwera."

Panali chinthu chimodzi chimene makutu a a Mbewe sanachimve, chifukwa sichinanenedwe pakhonde. Azakhali ake asanafike n'komwe, Chiyamiko anapita yekha kuseri kwa msika n'kuimba foni kukoleji. Anawauza kuti sabwera, malo ake apatse wina. Mayi amene anayankha anamufunsa kawiri ngati watsimikiza, kenaka anamuthokoza n'kunena kuti odikira malowo ndi ambiri. Chiyamiko sanauze munthu aliyense, ngakhale Mayi Msiska.

Atafika kunyumba anapeza a Zelipa atatsitsa kale sutikesi yakale pamwamba pa kabati, akuipukuta fumbi. A Mbewe sanakhale pampando wawo wa pakhomo. Analowa kuchipinda, anatsegula kabati, n'kuyamba kusankha okha malaya oti anyamule, akuwapinda pang'onopang'ono ndi manja onjenjemera aja.

Chiyamiko anaima pakhomo la chipinda akuwayang'ana. Atate ake ankasiya manda a mkazi wawo ndi anzawo onse chifukwa cha malo amene iye anali atawabweza kale. Loweruka linali pafupi.

"Chiyamiko," anatero a Mbewe osacheuka, "sukulu akuti uyambe liti?"

A Zelipa anasiya kupukuta sutikesi. Onse awiri ankadikira, ndipo m'nyumbamo munalibe wina woti amuyankhire.